Thumba la nyemba lakaona Zomba nkubwerako

Kuseri kwa chitseko changa kuli thumba la nyemba. Lafika Lachiwiri, ndipo mpaka lero sindinalimasule. Mayi a kunyumba andifunsa kawiri ngati angatapeko zophika, ine ndangoti dikirani kaye. Chomwe tikudikira nanenso sindikuchidziwa.

Thumba limeneli layenda kuposa anthu ambiri a pa Chitipa pano. Lachoka ku Misuku, latsika ku Karonga, lakwera Chiweta, ladutsa Lilongwe, lakafika ku Zomba, lazungulira tawuni yonse, lakwera ndi phiri lomwe, nkubwerera kudzakhala kuseri kwa chitseko changa. Likanakhala ndi pakamwa bwenzi nkhani ya sabata ino likukamba lokha, ine nditathawa.

Poti lilibe, ndikamba ndine.

Amene mumawerenga tsamba lino mukudziwa kuti ine ndine mphunzitsi, ndinabadwira ku Zomba, ndipo boma linandiponya kuno matipate atangoyamba, nthawi ija ulendo wa ku Karonga unkatha munthu msana. Ndinkati ndikhala zaka ziwiri. Lero mutu wayera, ana anga amandiseka ndikamayesa Chilambya. Chinthu chimodzi chokha sindinasiye: kudzitama ndi Zomba. Pa bawo, pamaliro, m'chipinda cha aphunzitsi, munthu akangoti kwazizira, ine ndimati kuzizira mukukudziwa inu? Mukafike ku Zomba. Wina akatchula sukulu, ine ndimati maphunziro kwawo ndi ku Zomba. Ndakhala ndikuimba nyimbo imeneyi mpaka anthu anayamba kukhulupirira kuti phiri lija ndinaliumba ndine.

Ndiye mnzanga a Kayange, mlimi wa khofi wa ku Misuku, kufupi ndi nkhalango ya Mughese, atamva kuti mwana wawo Tusayiwe akukalandira digiri ku yunivesite ya ku Zomba, sanavutike nkufunsa wina. Tusayiwe ndinamuphunzitsa ndine kusekondale. A Kayange anatulukira pakhomo panga chipewa chili m'manja.

"Asambizgi," ndi mmene amatchulira aphunzitsi kuno, "inu ndiye maso athu. Ine malire anga ndi pa Mzuzu. Amama ake, a Namsukwa, malire awo ndi pa Karonga. Tiperekezeni."

Ndinavomera msanga. Kenako anatsitsa mawu nkuwonjezera ina. Tusayiwe wapeza ntchito komweko, ndipo kuli mnyamata, dzina lake Fatsani, amene akumufuna ukwati.

"Tikamuone," anatero a Kayange. "Mtima ukakana, mwana tikwera naye basi yobwerera. Ntchito adzafuna ya kuno, ndipo za ukwatizo zithere pomwepo."

Analankhula mofatsa. Odziwa anthu a ku Misuku akudziwa kuti akalankhula mofatsa ndiye kuti nkhani yatha.

Apa ndikumbutse anzanga a kummwera. Kwathu mwamuna ndiye amatsatira mkazi, nkukakhala mkamwini pamaso pa apongozi. Kuno nkwina. Ng'ombe zikapita, mwana wamkazi amachoka, amakakhala wa kwa mwamuna, ana ake ndi a kumeneko, akadwala odwazika ndi a kumeneko. Choncho kholo la kuno likati tikamuone mnyamata, silikunena nkhope. Izi ndazidziwa zaka zonsezi. Koma kudziwa nkwina, kukumbuka pa nthawi yake nkwinanso.

Tsiku la ulendo a Kayange anafika pa depoti ndi matumba awiri a nyemba ndi mkoko wa nthochi zosapsa. Ine ndinangoti ndi zoti mwana azikadya poyamba ntchito. Sindinafunse. Mphunzitsi amafunsa ana a sukulu basi.

Za mwambo wa digiri sinditaya nazo nthawi. Unachitika Lachisanu, a Namsukwa analuluta mpaka mawu anasasa, a Kayange anapukuta maso nkunena kuti ndi fumbi. Nkhani yanga ndi ya Loweruka.

Loweruka m'mawa Fatsani anafika pa nyumba ya alendo pomwe tinkagona. Mnyamata waulemu, malaya osita, galimoto yoyera yobwereka kwa mnzake, yotsukidwa mpaka matayala. Anagwada, anapereka moni, ndipo akamamwetulira pankaoneka kampata pakati pa mano. Anati wakonza zoti makolo aone Zomba yense, madzulo tikadye pamalo abwino.

A Kayange anagwedeza mutu, nkuyamba kukweza matumba aja ndi nthochi m'buti.

"Katunduyu akhoza kutsala, bambo," anatero Fatsani.

"Yayi. Ayende nafe."

Tsopano ndiulule tchimo langa loyamba. Ine phiri la Zomba ndinali ndisanalikwerepo. Ndinabadwira patsinde pake, ndinkaliona m'mawa uliwonse potsuka m'maso, koma pamwamba pake ayi. Tili ana tinkadziwa kuti kumeneko ndi kwa azungu ndi anyani. Munthu wa mudzi kukwera phiri popanda nkhuni zokatola, anthu akanati mutu wasokonekera. Ndiye utsogoleri wanga tsiku limenelo unali wodikira Fatsani anene dzina la malo, ine nkumati eya, ndi pamenepa.

Titangolowa m'tawuni tinadutsa pa geti la msika waukulu. A Namsukwa anafuna kulowa kuti aone matemba a ku Chilwa amene ndinkawatama. Ine ndinati mumadzaza anthu, tichedwa, tiyeni tizipita. Nkhani ya msikayi muisunge, tidzaipezanso kutsogolo.

Poyamba tinaima pa nyumba ya malamulo yakale. Galimoto isanazime nkomwe, a Kayange anali atatsika, dzanja lili pa buti.

"Ndi pano?"

"Ayi bambo, pano tikungoona. Ndi pomwe aphungu ankakumana kale."

"Pano ali kuti?"

"Anasamukira ku Lilongwe."

"Ndiye tikuona chiyani?"

"Nyumbayo, bambo."

A Kayange anaiyang'ana nyumbayo mwaulemu wonse, ngati munthu amene wauzidwa kuti apereke moni kwa wogona. Kenako anabwerera m'galimoto.

Kuchoka apo tinapita ku munda wa mitengo, kuja mtengo uliwonse uli ndi kachikwangwani ka dzina lake. Dzanja pa buti. Ndi pano? Ayi bambo, tikungoona. Anazungulira mtengo umodzi, anaupapasa khungwa, nkuti, "Uwu ku Mughese ulipo. Chikwangwani ulibe, koma sunasocherepo."

Ine ndinkaseka, koma mumtima ndinkadabwa. Mkuluyu akufuna chiyani ndi buti? Akuopa kuti nyemba zibedwa? Kapena nthochi zikumudetsa nkhawa?

Tinayamba kukwera phiri. Msewu wake ndi wokhotakhota, anthu akutsika ndi njinga zosenza nkhuni, anyani atakhala m'mbali ngati apolisi a pamsewu. Apa ndi apo amayi ndi achinyamata akugulitsa mabulosi ofiira a kuphiri aja, m'timbale, akuthamangira galimoto iliyonse. Pamwamba tinaona damu, ndipo ndi pokhapo pomwe a Kayange anaiwala buti. Anafunsa mafunso khumi: madziwa amatsika bwanji, amafika m'nyumba za anthu, chilimwe saphwa? Ndinaona kuti maganizo awo ali pa nazale yawo ya khofi. Tinaona mathithi. Tinajambulitsa. Kenako Fatsani anatitengera kumphepete kwa phiri, komwe amati ukaima umaona mpaka nyanja ya Chilwa ndi phiri la Mulanje.

Tinaona chifunga.

"Asambizgi," anatero a Kayange, "tachoka pa phiri, tayenda masiku awiri kudzaona phiri, ndipo phirilo lafunda bulangete."

Koma tili chiimire chifunga chinang'ambika pang'ono, madenga nkuonekera pansi. Ndinauzindikira msewu wafumbi, ndinauzindikira mtengo wa mango wa pa mphambano, ndinazindikira chilichonse.

"Kwanu ndi pati pamenepa?" anafunsa a Kayange.

Ndinaloza mlengalenga. "Cha uko."

Chifunga chinatsekanso, ndipo ndikuuzeni zoona, ndinachithokoza.

Potsika, galimoto inadutsa ogulitsa oyamba, inadutsa achiwiri, kenako inayamba kuyenda pang'onopang'ono popanda chifukwa. Pambali pa msewu, payekha, pansi pa mtengo, panakhala mayi wachikulire ndi timbale take ta mabulosi. Chitenje chake chinali chatsopano, duku lomanga bwino, ngati wopita kutchalitchi osati wogulitsa. Iye sanathamangire galimoto. Anangoimirira.

A Namsukwa, amene tsiku lonse anali asanalankhule mawu okwana khumi, anati, "Imani apa."

Fatsani anaima chapatsogolo pang'ono. Tonse tinatsika kupatula iye. Anatsala m'galimoto, galasi lotseka, akuyang'ana chiwongolero ngati chalembedwa mayeso. Mayi uja anadzaza mbale mpaka kusefukira. Tusayiwe anagwada, nkulandira ndi manja awiri. A Kayange atapisa m'thumba, mayiyo anakana.

"Alendo ochokera kutali salipira," anatero, uku akuyang'ana a Kayange, akuyang'ana a Namsukwa, akumwetulira. "Mwana wanu ndi uyu? Mwabereka, mayi."

Ndipo ine, mphunzitsi wa zaka zambiri, munthu wodziwa Zomba, ndinatukula chifuwa nkuti, "Mwaona? Ndi mmene tilili anthu a kuno. Kuwolowa manja!"

Tinakwera galimoto nkupitiriza kutsika.

Dzuwa litangolowa tinafika pamalo odyera. Malo okongola, sindinama. Nsalu zoyera pa tebulo, oimba akukonza magitala pakona, achinyamata amene analandira madigiri dzulo lake akuvina ndi zisoti zawo zomwe. Pa tebulo lililonse panali kandulo yoyaka. A Kayange anayang'ana kandulo, anayang'ana mababu, nkundinong'oneza kuti, "Magetsi alipo. Ndiye kanduloyi yalakwa chiyani?" Ndinati ndi chitukuko.

Mtsikana woperekera zakudya anabwera ndi makadi, nkufunsa aliyense kuti adya chiyani. A Namsukwa anatembenukira kwa mwana wawo.

"Kuno mlendo amachita kumufunsa?"

Fatsani anaitanitsa yekha zonse: nkhuku yootcha, chambo, mpunga, chipisi, ndi masamba osaphika aja amati ndi ndiwo. Chakudya chinafika, fungo lokoma kudzaza tebulo. Tinapemphera. Ine ndinagwira foloko. Nditadzutsa maso ndinaona a Namsukwa apinda manja, akhala chammbali. A Kayange nawo manja ali pa mawondo. Tusayiwe maso ali pansi.

Apa ndiye nzeru zanga zinayamba ntchito. Ndinati ndazindikira! Apongozi sadyera pamodzi ndi mkamwini. Ndinanyamula mbale yanga ndi ya Fatsani, tinasamukira pa tebulo lina kuseri kwa nsanamira. Ndinadzitama mumtima kuti pakanapanda ine zikanaipa. Nditasuzumira, manja anali chipindire.

Ndinati kapena ndi mpeni ndi foloko. Ndinaitanitsa beseni la madzi. A Namsukwa anasamba m'manja bwinobwino, anapukuta, nkupindanso.

Ndinati ndiye ndi phokoso la oimbawa, anthu opemphera awa. Ndinapempha tebulo la panja. Tinanyamuka tonse, aliyense mbale yake m'manja, kudutsa pakati pa ovina, ngati banja losamuka madzi atalowa m'nyumba. Operekera zakudya ankangotiyang'ana. Tinakhala panja pa mphepo. Nkhuku inazizira. Palibe anadya.

Abale anga, munayamba mwakhalapo pa tebulo pomwe aliyense akudziwa chomwe chavuta kupatula inu? Ine thukuta linatuluka, kuzizira kwa ku Zomba ndimatama kuja kulipo. Ndinkayang'ana Tusayiwe, misozi ili lengelenge, ndipo ndinkaona basi ya ku Chitipa ikumudikira.

A Kayange anaimirira nkundikodola. Tinapita pomwe panaima galimoto. Anatsegula buti, ndipo fungo la nthochi linatiwomba, zinali zitayamba kupsa ndi kutentha kwa tsiku lonse.

"Asambizgi, ndithandizeni, mwina ine ndiye sindikumva. Katundu uyu ndi wa kwawo kwa mnyamatayu. Munthu sulowa pakhomo pa eni manja lendelende. Kuyambira m'mawa ndikufunsa kuti ndi pano, ndi pano. Wationetsa nyumba yopanda anthu. Wationetsa mitengo ya mayina. Wationetsa madzi ndi chifunga. Munthu sanationetse ngakhale mmodzi. Mwana wanga akadzadwala, ndidzakamufuna ku mathithi?"

Tsiku lonse mkuluyu amafunsa khomo, ine ndimaganiza za akuba nyemba.

Tisanathe, enawo anatipeza. A Namsukwa sanayang'ane Fatsani. Anaima chammbali nkulankhula kwa amuna awo, monga mwa ulemu wake.

"Bambo a Tusayiwe, tawafunsani adada awa. Amama aja a zipatso ndi ndani?"

A Kayange anatembenukira kwa Fatsani.

"Ndi mayi anga," anatero Fatsani.

A Namsukwa anavomereza: "Enya. Ndinaona kampata ka mano kaja. Ndinaonanso mwana wanga akugwada. Tusayiwe sagwadira ogulitsa, pa msika wa Chitipa amachita kukangana nawo. Ndiye auzeni kuti munthu wodutsa amama ake pamsewu osatsitsa ndi galasi lomwe, chakudya chake sichingandidutse pakhosi. Lero wadutsa amama ake. Mawa adzadutsa mwana wanga."

Ine mumtima ndinali nditaweruza kale. Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Ndinatsala pang'ono kuunena mwambiwo mokweza, kuti nanenso ndioneke kuti ndinalipo.

Koma Fatsani anagwada pa miyala, ndi buluku lake losita lija.

"Bambo, andituma ndi mayi angawo. Ine ndimafuna tiyambire kunyumba. Takangana masiku atatu. Iwo anati denga lathu ndi la udzu, mipando ilipo iwiri, makolo a mwana wa digiri usabwere nawo kuno, angamulande mtsikanayo. Anati ukawaonetse komwe amapita azungu, ukawadyetse pabwino. Anangopempha chimodzi, kuti potsika phiri ndidutse pang'onopang'ono awaone nkhope. Anati ndikatsika m'galimoto alira, ndiye ndisatsike."

Tsopano ndiuzeni inu, wolakwa ndani pamenepa?

Mnyamata wamvera mayi ake, ndipo si zimene timaphunzitsa ana? Mayi wadzibisa kuti mwana wake apeze banja, wavala chitenje chake cha kutchalitchi kuti angoonako apongozi pa galasi. Tusayiwe wasunga chinsinsi cha eni ake, koma bondo lamuulula. A Namsukwa akana nkhuku yootcha pomenyera nkhondo mayi amene sakumudziwa ndi dzina lomwe. Aliyense amachita ulemu. Ulemu wonsewo utaphatikizana, tinatsala pang'ono kupha ukwati ndi kugona ndi njala.

A Namsukwa anatembenukira kwa amuna awo. Kenako anati, "Chakudya chija atikulungire. Tikadyera kwawo mawa."

Lamulungu m'mawa galimoto inatisiya pomwe msewu wathera, patsinde pa phiri, tinayamba kanjira ka miyendo. A Kayange anasenza thumba limodzi paphewa, kukana kulandiridwa. A Namsukwa nthochi pamutu. Mayi a Fatsani tinawapeza akusesa, ndipo atationa tsache linagwa, anatsala pang'ono kuthawira kumunda. A Namsukwa anatula nthochi, anawagwira manja onse awiri nkuti, "Mama, ifenso kwathu mvula ikagwa timasuntha mphasa."

Mipando inalidi iwiri. Tinakhalira ife abambo, amayi pamphasa. Kunabwera mbatatesi yophika ya mchere, tiyi, ndi nkhuku ya dzulo ija ataitenthetsa. Fatsani anatenga mbale yake nkukadyera kuseri kwa nyumba, popanda mphunzitsi womusamutsa. A Namsukwa anadya, anapempha ina, anadyanso.

A Kayange anazungulira nyumba yonse. Anaona dimba la mabulosi, anatsata ngalande ya madzi mpaka pomwe yachokera, anagogoda nsanamira za khonde. Atabwerera anafunsa ngati mnyamatayu ali ndi amalume.

"Alipo, ku Domasi."

"Auzeni atumize munthu ku Misuku tikatha kuthyola khofi. Njira ndi yaitali, koma khomo lathu silisowa."

Tusayiwe sanakwere nafe basi. Wayamba ntchito sabata yomwe ino.

Chibwerereni ndakhala ndikusinkhasinkha, ndipo mutu sukugwirabe. Tinayamba liti kuonetsa alendo zinthu zomwe si zathu? Mlendo akafika pa Chitipa pano timamukweza njinga yamoto, kukamuimika pa malire kuti ajambulitse mwendo wina uli dziko lina, timamugulira chipisi mayai, nkumuperekeza ku basi asanaone pomwe timagona. Masiku ano apongozi amakumana koyamba mu holo, pa chinkhoswe, pakati pa zimkuzamawu. Amadziwana kavinidwe, makomo sadziwana. Ngakhale kusukulu, bwana akamabwera timapaka laimu miyala ya m'mbali mwa njira, kalasi yodontha ija nkuikhoma loko. Timati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka, ndiye tingomuzunguza mpaka dzuwa lituluke.

Komanso sindikunena kuti kukaona malo nkoipa. A Kayange njira yonse yobwerera nkhani inali ya damu. A Namsukwa, amene ndinkati sanaone kanthu, atidabwitsa pa Mzuzu poyamba kung'ung'udza nyimbo ya oimba aja. Ine ndemwe, ndi imvi zangazi, ndaima koyamba pamwamba pa phiri lomwe ndinabadwira patsinde pake, ndipo ndinamva chisoni kuti ndinachedwa. Dziko ndi lathu, tizilionadi, tizidyako ndi pa kandulo pomwe magetsi ali choyaka. Chomwe sindikumvetsa nchakuti phiri limakhala liti mphatso kwa mlendo, ndipo limakhala liti chophimba kumaso kwake.

Mwina mukuti nanga matumba anali awiri, linalo linatani?

Titatsazika kwa mayi a Fatsani, a Kayange anapukuta manja nkuti, "Tsopano kwa asambizgi."

Ine ndinati nthawi yatha. Ndinati msewu wake ndi woipa, galimoto ya eni ingawonongeke. Ndinati mchemwali wanga mwina wapita kumaliro. Zifukwa zinkatuluka zokha, ngati za mwana amene sanalembe ntchito ya kunyumba.

Zoona zake ndi izi. Kwathu ndi pafupi ndi pomwe tinkagona, munthu akhoza kuyenda wapansi. Makolo anapita, m'nyumba yawo mumakhala mchemwali wanga yekhayo. Khoma lina linang'aluka, analichirikiza ndi mtengo. Pa maliro a mayi ndinaimirira pamaso pa anthu nkulonjeza kuti ndimanga ina. Chichokereni tsiku limenelo sindinapondeko. Ndimatumiza moni pa foni. Pomwe kuno ku Chitipa, pa bawo paja, nyumba imeneyo ili ndi khonde lalikulu ndi maluwa, chifukwa ndi mmene ndakhala ndikuikambira. Ndinagona masiku atatu mu Zomba osamuuza mchemwali wanga kuti ndabwera.

A Kayange sanatsutse. Anangolikweza thumba lija m'basi.

Titafika pa depoti ya Chitipa Lachiwiri, analitsitsa nkuliika pa mapazi anga.

"Ili si lanu, asambizgi. Ndi la alongo anu. Ife timati tikathokoze nyumba imene inatiberekera munthu wotiphunzitsira mwana. Mukadzakumbuka njira, mukapereke. Koma nyemba sizidikira, zimafumbwa. Yewo chomene."

Anakwera galimoto ya ku Misuku nkumapita.

Lero m'mawa ndalimba mtima, ndamuimbira mchemwali wanga. Ndinakonza mawu, ndimati ndinene kuti ndinadutsa mu Zomba mothamanga, pa ntchito ya boma. Sanandilole ndi kuyamba komwe. Paja sindinakuuzeni kuti iye amagulitsa matemba pa geti la msika uja ndinati mumadzaza anthu.

"Ndinakuonani Loweruka, achimwene," anatero. "M'galimoto yoyera, mutakhala kutsogolo. Ndinaimirira, ndinakonza ndi chitenje chomwe. Ndinawauza anzanga kuti achimwene anga a ku Chitipa awo, ali ndi alendo, aima pobwerera. Ndinaweruka mochedwa tsiku limenelo."

Sanakalipe. Anangofunsa ngati ana ali bwino.

Ine uja ndinatsala pang'ono kumuponyera Fatsani mwambi. Koma Fatsani anachita kutumidwa ndi mayi ake kuti adutse osatsitsa galasi. Nanga ine anandituma ndani?

Thumba lili pomwe lija, kuseri kwa chitseko. Sukulu titsekera masabata atatu akubwerawa. Odziwa za nyemba, tandiuzani: zifika?